Galimoto ya pulagi ya mabwana ndi yabwino ndithu, koma yang'anani kaye soketi yanu

Akonzi,

Ndipatseniko kampata mu nyuzipepala yanuyi ndiyankhe funso lomwe limandipeza pafupipafupi kuchokera kumudzi, makamaka mizere ya mafuta ikangoyambiranso m'ma filling station. Anthu amati iwe uli kunja ndipo ntchito yako ndi yoyendetsa mabwana, tatiuze zoona, magalimoto atsopano aja oti ali ndi injini ya petulo koma umathanso kuwatchaja pa soketi, ndi zenizeni kapena ndi zotsatsira malonda chabe? Ine ndili ku Britain kuno, ndine dalaivala pa kampani ina yonyamula akuluakulu a makampani kupita nawo ku mabwalo a ndege ndi ku misonkhano, ndipo galimoto yomwe ndimakhalira nayo ndi BMW 530e yatsopanoyi. Mercedes E 300 e yomwe imalimbana nayo pamsika ndimaigwirakonso apo ndi apo. Yankho langa ndi loti galimotoyi ndi yabwino zedi, koma ubwino wake wonse watsamira pa soketi ya kunyumba kwanu. Mukapanda kuitchaja usiku uliwonse ndiye kuti mwagula galimoto ya petulo yolemera komanso yodula, basi.

Tisasokoneze zinthu kaye. Ma hybrid omwe adzadza m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre, a Toyota Aqua, a Prius, a Honda Fit aja ochokera ku Japan, ambiri mwa iwo alibe pulagi. Kabatire kawo ndi kakang'ono, kamadzitchaja kokha injini ikamalira komanso mukamaponda mabuleki, ndipo pa magetsi okha sangayende mtunda woti n'kuutchula. Mbali inayi kuli a magetsi okhaokha, a Tesla ndi a Nissan Leaf, awo alibe thanki n'komwe. Ya pulagiyi ili pakati, ili ndi zonse ziwiri, injini yeniyeni ndi thanki yake, kuphatikizapo batire lalikulu loti mukalidzadza limakuyendetsani tsiku lonse m'tauni injini osadzuka olo kamodzi.

5 Series yatsopanoyi inatuluka mu 2023, ndi mtundu wachisanu ndi chitatu chiyambire 1972, ndipo imapangidwa ku Dingolfing ku Germany. Yakula kwambiri, kutalika kwake ndi mamita 5.06, moti m'malo ena oimikapo magalimoto ku London mphuno imatsalira panja. Mu 530e muli injini ya petulo ya malita awiri ya masilinda anayi yokhala ndi turbo, mota ya magetsi anaiika mkati mwa giyabokosi ya magiya 8, ndipo ziwirizi zikagwirizana zimatulutsa ma horsepower 299. Kuchoka poima kufika liwiro la 100 imatenga masekondi 6 ndi pang'ono. Batire lake lomwe mungagwiritse ntchito ndi la 19.4 kWh, kapena kuti mayuniti 19.4 a magetsi, papepala amati limayenda makilomita pafupifupi 100 pa magetsi okha, ndipo imatha kuthamanga mpaka 140 injini ili chete. Amene anaidziwa 530e yakale ya 2017 aona kusiyana, ija inayamba ndi kabatire ka 9.2 kWh, kenako anakweza kufika 12, koma kankatha musanachite chilichonse chanzeru, komanso kanadya malo m'buti mpaka inatsala ya malita 410. Panopa batire analiyala pansi pa galimoto ndiye buti yabwerera pa malita 520, yofanana ndi ya 5 Series ya petulo wamba. Kwa ife onyamula anthu a masutikesi akuluakulu ichi ndi chinthu chachikulu kuposa ma horsepower onse aja.

Kayendedwe kake ndilibe nako chifukwa. M'mawa ukadina batani palibe chomwe chimalira, magetsi a pa dashibodi amangoyaka, ukachotsa phazi pa buleki galimoto n'kuyamba kuseseleka. Bwana kumbuyo amakhala ali pa foni ndi anzake a ku Frankfurt kaya ku Dubai ndipo salankhula mokweza, zomwe umamva ndi matayala basi. Pa liwiro lotsika imatulutsa kaphokoso kochita kuikamo kuti oyenda pansi aimve, ndi lamulo kuno, koma mkati sikamveka kwenikweni. Injini ikamadzuka pa msewu waukulu nthawi zambiri umazindikira poona pa sikirini, osati ndi khutu. Pokhapokha ukaiponda mwamphamvu pofuna kupitirira thiraki, apo ndiye imadziulula kuti ndi ya masilinda anayi, kaliridwe kake sikogwirizana ndi mtengo wake, amene anazolowera BMW ya masilinda 6 akhumudwako pang'ono. Iwowo anawapangira 550e ya malita atatu ya ma horsepower 489, koma imeneyo ndi ya anthu oti ndalama sawerenga.

Chomwe ndimaikondera kwambiri ine ndi chinthu choti otsatsa malonda satchula n'komwe. Ntchito yathuyi theka lake ndi kudikira. Bwana walowa mu msonkhano wati mphindi makumi awiri, iwe ukudziwa kuti ndi maola awiri. Pa galimoto wamba umasankha, kaya uzimitse injini uzizidwe kapena uisiye ikulira mafuta akupita komanso a khonsolo akupeze akulipiritse poti kuno salola kusiya injini ikulira pachabe. Pa iyi hita ndi ekoni zimayendera batire lalikulu lija, ndiye umakhala m'galimoto motentha bwino injini ili chigonere. M'mawa wa chisanu, galasi lonse lili mbuu, ndimaiuza pa foni ndili m'nyumba kuti iyambe kudzitenthetsa ikadali pa chingwe, ndikamatuluka ndi kapu ya tiyi galasi layera kale, mpando watentha, ndipo batire silinachepe chifukwa magetsiwo yakoka ku nyumba. Madalaivala a m'maofesi kumudzi omwe amaswera pa car park ku Capital Hill kapena pa hotela mu October dzuwa lili phwee, akudziwa chomwe ndikunena.

Tsopano tibwere pa manambala, poti apa ndi pomwe anthu akunamizidwa. Kabuku ka galimotoyi pomwe imatuluka kanalemba kuti imamwa mafuta osakwana lita imodzi pa makilomita 100. Munthu ukawerenga zimenezo umangoti basi mavuto anga atha. Koma nambala imeneyo imachokera ku mayeso a mu labu otchedwa WLTP, pomwe galimoto imayamba batire lili lodzadza ndipo amawerengera ngati kuti pafupifupi maulendo anu onse ndi a magetsi. Si kuti a kampani anama ayi, mayesowo ndi omwe anapangidwa choncho ndipo makampani onse amayezera momwemo. Pamsewu zimakhala zina. Ine m'nyengo yotentha, kuyenda modekha m'tauni, batire limandipatsa makilomita 70 kapena 80. M'chisanu hita ikuyaka limatsika kufika cha m'ma 55 kapena 60. Pa msewu waukulu ukamathamanga 110 limasungunuka ukuona. Likatha galimoto siima, imangosanduka hybrid wamba, ndipo apo imamwa malita 7 kapena kuposerapo pang'ono pa makilomita 100, titi makilomita 13 kapena 14 pa lita. Sizoipa kwa galimoto yopitirira matani awiri, koma si zija za m'kabuku, ndipo ya dizilo ya msinkhu womwewo pa ulendo wautali imaiposa mosavuta.

Izi si zanga zokha. Mu 2024 a European Commission anatulutsa lipoti lochokera ku timamita tomwe timakhala m'magalimoto momwemo towerenga mafuta enieni omwe apsa, ndipo anapeza kuti ma hybrid a pulagi amatulutsa utsi wa kaboni wochuluka katatu ndi theka kuposa zomwe zinalembedwa papepala. Bungwe lina lofufuza za magalimoto la ICCT linapezanso mu 2022 kuti a anthu wamba amamwa mafuta pafupifupi katatu kuposa za papepala, pomwe a kampani amafika kasanu. N'chifukwa chake kuyambira 2025 ku Ulaya ayamba kusintha kawerengedwe kake, ndipo manambala okoma aja ayamba kukwera.

Nanga a kampani amaposa bwanji? Nkhani yake ndi ya msonkho, ndipo amene sanamvetse izi sangamvetse chifukwa chomwe magalimoto amenewa alipo. Kuno munthu akapatsidwa galimoto ndi kuntchito amaidulira msonkho mwezi ndi mwezi kutengera mtengo wake ndi utsi womwe inalembedwa kuti imatulutsa. M'chaka cha msonkho cha 2024 mpaka 2025, wa 530e ankawerengeredwa pa 8 peresenti ya mtengo wa galimoto, pomwe mnzake wa 5 Series ya petulo yokha anali pamwamba pa 30 peresenti. Pa galimoto ya mapaundi pafupifupi 60,000 kusiyana kumeneko ndi ndalama zoti munthu n'kulipira nazo lendi. Ndiye bwana amasankha ya pulagi chifukwa cha msonkho, osati chifukwa choti amakonda mitengo ndi mpweya wabwino, kenako kampani yomweyo imamupatsanso khadi yothirira mafuta ulere, pomwe magetsi a kunyumba amalipira yekha. Mukuganiza kuti atchaja? Ndaonapo ndi maso anga galimoto yoti yatha zaka zitatu pa kampani ikubwezedwa, kutsegula pansi pa buti chingwe chikadali m'pulasitiki yake momwe chinachokera ku fakitale, ndi kawaya komangira komwe. Munthu ameneyo zaka zonsezo amangoyenda ndi batire lakufa, chimodzimodzi kumayenda ndi matumba asanu a chimanga m'buti tsiku ndi tsiku osawatsitsa, poti batire ndi mota ndi zina zonse zimawonjezera makilogalamu oposa 200. Boma la kuno lazindikira, lanena kale kuti kuyambira April 2028 msonkho wa ma hybrid amenewa ukwera kufika 18 peresenti, ndipo ku London anawachotsa kale mu 2021 pa gulu la magalimoto osalipira polowa pakati pa mzinda.

Kwa amene amatchaja, masamu ake ndi okoma. Ine ndili ndi mwayi woti pomwe ndimakhala pali poimika galimoto pakhomo penipeni ndipo pakhoma pali bokosi lotchajira. Magetsi a pakati pa usiku makampani ena amagulitsa motchipa, cha m'ma 7 pence pa yuniti, ndiye kudzadza batire lonse sikufika mapaundi awiri, pomwe petulo woyenda mtunda womwewo ndi wa mapaundi 7 kapena kuposa. Sabata yoti ntchito zanga ndi za m'tauni, filling station ndimangoidutsa. Koma mnzanga wina wa ku Zambia yemwe timagwira limodzi amakhala pa fulati ya m'mwamba, alibe soketi yofika pamsewu, amadalira zotchajira za m'misewu zomwe zimadula kasanu kaya kasanu ndi kawiri kuposa za usiku zija, iyeyo akawerengera amapeza kuti magetsi akumudyera ndalama kuposa petulo, ndiye anangosiya. Galimoto imodzimodzi, ntchito imodzimodzi, wina akuseka wina akulira, nkhani ndi khoma la nyumba basi.

Apa ndi pomwenso BMW inandikhumudwitsako. Ilibe potchajira mwachangu pa DC, magetsi a zotchajira zamphamvu za m'misewu ikuluikulu. Zoyamba kutuluka zimalandira 7.4 kW basi, maola atatu ndi pang'ono kuti lidzadze, zapambuyo pake anakweza kufika 11 kW, komabe sizoti ungaime pa msewu waukulu kumwa khofi n'kupeza ladzadza. Mercedes E 300 e imatha kukhala ndi ya DC yofika 55 kW, theka la ola batire labwerera, ndipo batire lakenso ndi lokulirapo, la 25.4 kWh mukawerenga lonse osati lomwe mungagwiritse ntchito lokha, papepala limadutsa makilomita 100 bwinobwino. Kumbuyo kwa Benz kulinso kofewa, mabwana achikulire amagona msanga m'menemo kuposa mu BMW. Koma tsegulani buti muone. Batire lakwera m'mwamba ladya malo, yatsala ya malita 370 pomwe E-Class wamba ili ndi 540. Anthu awiri ochokera ku bwalo la ndege la Heathrow ndi masutikesi awiri akuluakulu ndi tizikwama tam'manja, kamodzi kamakathera pa mpando wakutsogolo pambali pa dalaivala, zomwe pa ntchito yathuyi ndi zochititsa manyazi. Ndiye mukandifunsa ine, wonyamula katundu ndi wokonda kuyendetsa yekha atenge BMW, chiwongolero chake chimamvera bwino ndipo pokhota siionetsa kulemera kwake. Woyendetsedwa, wa chikwama chimodzi cha mapepala, atenge Benz. A Mercedes alinso ndi E 300 de, ya pulagi koma ya dizilo, imene kwa oyenda mitunda italiitali ndi yanzeru kuposa zonsezi.

Za mkati sindichulutsa. Ndi mokongola, sikirini yokhota yaitali kuchokera kuseri kwa chiwongolero kufika pakati, timagetsi tamitundumitundu usiku. Koma mabatani anachotsa ambiri, kufuna kutsitsa ekoni kapena kutenthetsa mpando mpaka uyang'ane pa sikirini uku uli pa liwiro, ine zimenezi sindigwirizana nazo olo pang'ono. Bola anasiyako kachozungulira kaja pakati pa mipando. Benz ndiye inachita kunyanya, ukalipira zowonjezera amakuikira sikirini ina ya wokwera kutsogolo ndi kamera yoti uzichita misonkhano ya Zoom galimoto itaima. Palibe bwana yemwe anandipemphapo zimenezo, amangofuna potchajira foni ndi kuti usamuyankhulitse.

Tsono funso lenileni la abale anga ndi loti kodi ingatithandize kumudzi? Pali zinthu ziwiri zomwe zikutikomera. Ku Britain amayenda kumanzere ngati ife ndiye chiwongolero chili mbali yoyenera, komanso soketi za m'nyumba zathu ndi zomwezi za mano atatu za kuno, magetsi akenso ndi a mphamvu yofanana. Chingwe chotchajira pa soketi wamba chochokera kuno chikalowa pa khoma la ku Area 47 kapena ku Namiwawa popanda kusintha kalikonse. Chimakoka pang'onopang'ono, ma kilowatt awiri ndi pang'ono, ndiye kuti batire lidzadze pamafunika maola 9 kapena 10, kulumikiza pofika madzulo kuchotsa m'mawa. Ndipo taganizani maulendo a bwana wa m'tauni. Kunyumba, kusiya ana kusukulu, ku ofesi ku City Centre, nkhomaliro, kubwerera, sizifika makilomita 50. Kuchoka mu Lilongwe kukatenga mlendo ku bwalo la ndege la Kamuzu n'kubwerako batire likwana. Blantyre kupita ku Zomba mukafika ndithu mukayenda mwaulemu. Munthu wotereyu sabata ya mizere atha kumadutsa anzake atagona pa filling station ndi zigubu, thanki yake ya malita 60 ili chidzadzire kudikira ulendo wa kumaliro kumudzi. Apa ndiye sindikutsutsa, ndi chinthu chamtengo wapatali, mwinanso kuposa kuno komwe mafuta sasowa.

Koma maola 10 amenewo akhale a magetsi osathima. Tonse tikukumbukira 2022 namondwe Ana ataononga Kapichira, ma megawatt pafupifupi 130 anachoka nthawi imodzi ndipo anthu ankakhala maola ambirimbiri mumdima mpaka chaka chotsatira. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira komweko, ndiye madzi akachepa kaya zinyalala zikatseka makina, galimoto yanu nayo yagona ndi njala. Ena amati ndili ndi sola. Chabwino, koma werengani kaye. Batire la galimotoyi ndi lalikulu kanayi kuposa la 5 kWh lomwe anthu ambiri amaika m'nyumba loyatsira magetsi, TV ndi filiji. Mukailumikiza usiku ku inveta imeneyo ipsopsona zonse m'maola awiri ana n'kugona mumdima, galimoto isanafike ndi theka lomwe. Kuti sola idzadze galimotoyi pamafunika mapanelo khumi akuluakulu a 500 watts akugwira tsiku lonse, ndipo masana amenewo galimoto ili kuntchito osati kunyumba. Ndiye ngati kampani ikufuna kugulira mabwana ake zoterezi iyambe yamanga shedi ya mapanelo pa car park ya ofesi, galimoto zizitchaja zili pamthunzi eni ake ali m'misonkhano. Kutchaja ndi jenereta ya petulo ndiye musandiuze n'komwe, kuli bwino mafutawo mungothira m'thanki.

Mawaya a m'nyumba nawonso muwaonetse kwa wamagetsi wodziwa ntchito. Ketulo imakoka mphamvu yambiri koma kwa mphindi zitatu, iyi imakoka usiku wonse osapuma, ndiye soketi yotchipa ya pamsika kapena ekisitenshoni yolumikiza ndi tepi imatentha mpaka kusungunuka. Kabokosi ka pa chingwe kajanso n'kochenjera, kakaona kuti nyumba ilibe earth yabwino kapena magetsi akubwera ofooka kamangoyatsa kofiira n'kukana kutchaja, inu m'mawa n'kumatukwana galimoto pomwe vuto ndi nyumba.

Pa ulendo wa Lilongwe kupita ku Blantyre, makilomita opitirira 300, musayembekezere zodabwitsa. Batire likhala litatha musanafike pa Dedza poti njira yake ndi yokwera, kotsalako ndi petulo ngati wina aliyense. Chomwe mungachite ndi kuiuza kuti isunge batire, muyende pa injini msewu wonse, magetsiwo mukagwiritse ntchito mukalowa mumzinda pomwe pali kuima ndi kunyamuka, poti m'pomwe injini imamwa kwambiri. Mukaika komwe mukupita pa mapu ake imadzigawira yokha. Potsetsereka ndiye imabweza ndithu, mota ija imasanduka jenereta n'kumagwira galimoto uku ikudzadza batire, moti wotsika Khwekhwerere kupita ku Golomoti kapena wotsikira ku Chikwawa akafika pansi ali ndi makilomita angapo aulere ndipo mabuleki sananunkhe.

Chomwe chikundiopsa ine kwambiri ndi pansi pa galimoto. Iyi ndi saluni yotsika, anaipangira misewu ya ku Germany, ndipo batire lija lomwe ndaliyamikira kuti silidya buti lili pamimba penipeni. Analitchinga ndithu, koma sanalitchingire mahampu osongoka omwe anthu amamanga okha m'makwalala, kapena msewu wa ku Area 25 ndi ku Machinjiri mu February madzi atakumba ngalande pakati. Mukakhulitsa ekizozi pa Corolla mumapita kwa wowotcherera n'kulipira zochepa. Mukaboola kapena kupinda chikwama cha batire apa, mtengo wake mugula nawo galimoto ina yabwinobwino, ndipo muyembekeza miyezi kuti lifike, ndi vuto la forex lomweli. Matayala ake ndi opyapyala pa ma rim a mainchesi 19 kapena 20, dzenje limodzi lakuthwa tayala laphulika rim yapindika, ndipo sipeya mulibe, amangokupatsani kabotolo ka mankhwala omatira ndi kapampu. Tayala loterolo simukalipeza pa Ntcheu Lamlungu madzulo. Sikuti mabwana athu amakonda ma Prado ndi ma Fortuner chifukwa chosadziwa magalimoto okongola ayi, amadziwa misewu yomwe amayendamo.

Nanga ikadwala apite nayo kwa ndani? Amakanika athu ku Biwi ndi ku Ndirande ndi anthu aluso, injini ya Toyota amaimasula n'kuibwezera ndi maso otseka, ndipo ena aphunzira kale kusintha maselo a mabatire a Aqua. Koma apa pali mawaya a mtundu wa olenji onyamula ma volt opitirira 300, ukagwira molakwika sudzukanso. Kuno makanika saloledwa ndi garaja yake kukhudza mbali imeneyo asanapite ku maphunziro apadera, amavala magolovesi a labala okhuthala ndipo amayamba wadula magetsi onse n'kuyeza kaye. Kuonjezera apo chilichonse m'galimotoyi chimayankhula ndi kompyuta, ngakhale kabatire kakang'ono ka 12 volts ukasintha umayenera kukauza kompyuta kuti waika katsopano. Kumbukiraninso kuti muli ndi zonse ziwiri zoti zitha kuonongeka, mbali ya injini ndi oyilo wake ndi turbo yake, mbali ya magetsi ndi tchaja yake ndi mapaipi oziziritsa batire. Petulo wathunso amasakaniza ndi ethanol wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndiye musanathire werengani kachikwangwani kali kuseri kwa kachitseko ka thanki kuti injiniyo imalola wochuluka bwanji.

Yatsopano ya mapaundi 60,000, musanaikepo za sitima ndi za MRA, ndikudziwa kuti ogula ndi owerengeka. Ambiri adzakumana nazo zaka zitatu kapena zinayi zikubwerazi, makampani a kuno akamadzazibweza n'kupita ku okushoni, kenako pa sitima mpaka ku Dar es Salaam kapena ku Walvis Bay, ndipo zidzaoneka zotchipa mokopa chifukwa kuno zimagwa mtengo msanga. Amene adzakopeke adzafunse zaka za chitsimikizo cha batire zomwe zatsala, poti chimakhala cha zaka 6 kapena 8 kutengera kampani ndipo chimatheranso pa makilomita, komanso adzafunse ngati chimagwira ntchito galimoto ikatuluka mu Ulaya. Adzapemphe pepala la ku garaja loonetsa kuti batire latsala ndi mphamvu yochuluka bwanji, asadzakhulupirire nambala ya pa dashibodi poti imasintha ndi kayendetsedwe ka dzulo lake. Ngati m'bale wanu ali kuno mutumeni akaione pansi ataikweza m'mwamba. Ndipo zingwe zonse ziwiri, cha pa soketi ya m'nyumba ndi cha pa bokosi la pakhoma, zikhale m'buti ndipo azijambule galimoto isanakwere sitima, chifukwa ogulitsa ena amazichotsa n'kukazigulitsa padera, ndipo chimodzi chokha ndi mapaundi mazana angapo.

Ine wanu,
Dalaivala wa mabwana,
Birmingham, UK